Maloko Awiri

Benchi langa lili kuseri kwa ogulitsa kachewere
mumsika wa Ulongwe.
Ndimasula makiyi, ndimagulitsa maloko.

Lachiwiri anabwera Abusa Jelevaziyo,
fumbi la ku Domwe lili m'nsapato.
Anati: Mutu uwu anausanjika manja Abusa Kamphambe,
iwonso anawasanjika ena, enawo ena,
chingwe chosaduka mpaka kwa msodzi uja
amene anapatsidwa makiyi anzake akuona.
Ndipatse loko wamkulu.

Lachisanu anatsika shapa Mtumwi Ezekiya,
amene dzana lomweli ankawayimbitsira kwaya.
Anati: Paulo anamuika ndani?
Panjira ya ku Damasiko panali sinodi?
Ine ndasala masiku asanu ndi awiri paphiri,
Mzimu wanditchula dzina.
Ndipatse loko woposa uja.

Onse analipira mametikali osanenerera.

Tsopano chitseko chimodzi, maloko awiri.
Wina akatsekula wake, wa mnzake umamuseka.
M'katimo mumapemphera anamzeze.

Ine sindinaphunzire zaubusa,
koma tupa yandiuza zake.
Kiyi wokopera pa wokopera, pa wokoperanso,
mano amanka naphwa,
tsiku lina amangozungulira m'bowo.
Nayenso wosulidwa m'maloto,
popanda woyamba womuyerekeza,
amawala bwino m'thumba
koma loko samudziwa.
Izi sindinawauze. Sanandifunse.

Mvula yonse amayi anapempherera m'khonde,
a abusa kum'mawa, a mtumwi kumadzulo,
nyimbo imodzi yomweyo, nambala yomweyo,
mbali ina ikutsogola ndi mzere umodzi.
Kumunda ankabwerekanabe makasu.

Kenako anamwalira Nanzunga,
uja anasenza njerwa za tchalitchicho
ali ndi pakati pa Ezekiya yemweyo,
uja ankawaphikira abusa nkhwani ali mbeta.
Anasiya mawu: Ndikatulukire m'nyumba imene ndinamanga.

Akuluakulu anakambirana usiku wonse
kuti ayambe kutsekula ndani.
Uyu atsegula Mateyu, uyo Agalatiya.
Tambala analira kawiri.

M'bandakucha mwana wanga Filomena
anatenga sikuludilaiva m'bokosi langa osapempha.
Amayi anayi, awiri uku, awiri uko,
anamasula mapata,
nanyamula chitseko chonse ngati lichero la ufa,
nachitsamiritsa pa mtengo wa pichesi.

Bokosi linalowa.
Abusa anagwira kumutu, mtumwi kumiyendo,
poti maliro sanyamulika ndi munthu mmodzi.
Sanayang'anane.
Pa Atate wathu milomo yawo inayendera limodzi,
mwina mosadziwa.

Sindikunena kuti anagwirizana.
Mlandu ukadali ku Tete, mapepala akuyenda.
Chitseko chikadali pa mtengo paja,
maloko anga onse awiri ali chitsekere,
atseka mphepo, akuchita dzimbiri.

Dzulo ndinadutsa pamenepo.
Mbuzi inagona paguwa,
ana akuphunzira katekisimu pakhomo popanda chitseko,
ndipo wina anasesa.
Sindikudziwa kuti ndi wa mbali iti.