Zonse Zatsika ku Higashi-Osaka

Chaka chimene mpunga unatsika mtengo
ndinabwera kunyumba ndikuseka,
matumba awiri panjinga, ndi nsomba ya anthu olemera.
Nyumba yathu ili m'mbali mwa njanji.
Ngongole yake, ya zaka makumi atatu ndi zisanu,
tinasainira tsitsi lathu lidakali bii.

Kenako nsapato zinatsika. Mafiriji anatsika.
Pamzere wa m'sitolo aliyense ankati,
dikirani kaye, mwezi wamawa zitsikanso.
Nanenso ndinadikira.
Firiji yathu inkabuula usiku wonse ngati wodwala dzino
koma ndinadikira,
osaganiza kuti tizitsulo togwira chitseko cha firiji
amatisula ndi Shigeto, mwamuna wanga yemweyu,
pafakitale ya anthu khumi ndi anayi kuseri kwa mlatho.

Maoda anauma.
Bwana anawerama mpaka chipumi kuyandikira mawondo:
pepani, bonasi chaka chino palibe.
Chaka chinacho anaweramanso.
Malipiro ankametedwa pang'onopang'ono, m'mbali mokha,
kuti mutu usazindikire msanga.

Kalata ya kubanki yokha ndiyo sinaonde.
Pa 27 mwezi uliwonse, mayeni 98,000,
nambala yomwe ija, inki yomwe ija.
Kale inkadya masiku asanu ndi atatu a thukuta lake,
lero ikudya khumi ndi atatu, ndipo sikhuta.

Nyumba yoyandikana nafe, mapasa ndi yathu,
yapita pamtengo wosafika pa zomwe tatsala kubweza.
Mayi Horiguchi, wamasiye wa kutsidya kwa msewu,
amasunga ndalama m'bokosi la masiwiti pansi pa zofunda.
Akuti zimanenepa zokha ali mtulo.
Sanama.
Ndimawapatsa moni bwinobwino, ndimaweramanso.

Mwana wathu Norifumi ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Amagwira ganyu m'sitolo yosatseka usiku,
kontirakiti ya miyezi itatuitatu.
Mtsikana alipo, dzina lake ndimalidziwa.
Ndikafunsa za ukwati amati akudikira kaye,
ndipo ndimamva mawu anga omwe m'kamwa mwake.

Lero mazira ndagula motchipa
kuposa chaka chimene ndinakwatiwa.
Ndalemba m'buku, mzere wa zakudya, ndi pensulo.
Shigeto ali panja, akuthira mafuta tcheni cha njinga
chomwe anathira kale dzulo.
Lachitatu sapitanso kuntchito masiku ano.
Sanafunse mtengo wa mazira, ine sindinanene.
Ndawaika m'firiji,
ndatseka chitseko ndi bondo, chifukwa chimafuna kukankha.