Katoni ya pa Malangalanga

Unafika m'katoni ya sopo,
pansi pa mabuku a masamu a Fomu 2,
iwe wa ku Amereka, wa dzina londiluma lilime.
Pachikuto akuti mabuku onse ndi khumi ndi awiri,
moyo wako wathunthu, atauveka mtundu wa phulusa.
Ndinawerenga kawiri. Lachisanu ndi chiwiri munalibe.

Ndinakuyala pa saka m'mbali mwa msewu wa Malangalanga,
pakati pa wogulitsa machaja ndi wa mankhwala a makoswe.
Miyezi itatu wokutsegula inali mphepo yokha.
Ndiye ndinayamba kukuwerenga ndekha,
dikishonale pabondo, diso lina kwa a khonsolo.

Loyamba n'lowonda ngati mwini wake pa chithunzi chakumbuyo,
mnyamata wa jekete yobwereka, khosi ngati la nsungwi.
Unalemba za meya wotsegulira mlatho pamalo popanda mtsinje,
amene anadula riboni
nalonjeza kuti mtsinjewo ubwera chaka chamawa.
Ndinaseka mpaka woitanira minibasi ya ku Kawale
anasiya kukuwa n'kundiyang'ana ngati mutu wanga wabalalika.
Iwe, kuno unafika liti? Anakutsina khutu ndani?

Lachitatu analiletsa m'masukulu.
Lachisanu linapata mphoto,
ndipo kuyambira pamenepo mabuku ananenepa, masaya nawonso,
jekete n'kukhala yakoyako.
Amene unkawalasa anayamba kukuitanira ku madyerero,
akuseka mokweza kuposa onse,
aliyense akuloza mnzake ndi foloko: "Apa akunena iwe!"
Minga yako anaisandutsa chotokosera m'mano.

Unadziwa. Ndaona m'lachisanu ndi chinayi
momwe nthabwala imanyamukira ndi liwiro
n'kukafika kumapeto kwa tsamba ikutsimphina.
Lomaliza siliseketsa n'komwe:
nkhalamba ikudyetsa galu amene mkazi wake anasiya,
masamba mazana awiri, ikudikira foni ya mwana wake.
Ndinalimaliza mvula ya Januwale ikukhuthuka,
nditapanikizika pakhonde la sitolo ya nsalu,
pulasitiki nditafunditsa iwe, msana wanga ukunyowa.

Mayi Nasibeko wa zitumbuwa anafuna lachiwiri,
akuti pepala lake n'lolimba, silidontha mafuta.
Ndinakana.
Usiku umenewo ku Mchesi tinagonera tiyi wopanda shuga,
mkazi wanga akufunsa
ngati mzungu wakufayo ndiye atilipirire lendi.

Lero kunaima galimoto ya magalasi akuda.
Anatsika mthenga wa bwana wina wa ku Kapitolo,
tepi ya telala ili m'manja.
Akuti shelefu ya muofesi yatsopano yatsala ndi mpata,
ndipo makatani ake ndi a mtundu wa phulusa.
Anakuyeza. Wakwana ndendende.
Lachisanu ndi chiwiri likanakhalapo, bwenzi utatsala pa saka.
Sanatsegule ngakhale tsamba limodzi.
Sananenerere.
Anangopempha lisiti la mtengo wowirikiza kawiri,
ndipo ine, wophunzira wako wa miyezi itatu,
ndinabwereka cholembera kwa wa machaja
n'kulemba bwinobwino, ziro aliyense wozungulira ngati dzira.

Pita, mkulu.
Ukaime kuseri kwa mutu wa bwana
pamene akulankhula pa kanema za chitukuko.
Ukhale chete monga unakhalira pa madyerero aja.

Ine ndagula ufa, ndapatula theka la lendi,
shuga ali m'thumba la malaya.
Powoloka mlatho wa Lilongwe,
uwu wokhala ndi mtsinje wake ndithu,
wamatope, wosenza majumbo ndi nkhwaira imodzi,
phwete linanditulukira m'mphuno, anthu n'kundipatukira.
Buku losowa lija ndaleka kulifunafuna.
Ndikuganiza kuti muli wogulitsa mabuku m'menemo,
ndipo sunamuchitire chifundo.