Dzanja Limene Ndinabweza

Loweruka lija ku Wellington
mphepo inadzuka ndi mkwiyo wogona nawo,
ikuchokera kummwera kumene kulibe mudzi,
koma madzi oundana okhaokha.
Pagombe zingwe zikumenya milongoti, ngwe ngwe ngwe,
mbalame za m'nyanja zikuuluka chobwerera m'mbuyo.

Ana makumi atatu ndi awiri anakankhira timabwato tawo m'madzi.
Asanu anabwerera asanatuluke padoko
ndipo palibe anawaseka.

Ine ntchito yanga ndi bwato la injini, lopulumutsira.
Wayilesi pachifuwa, mpeni wodulira zingwe m'thumba,
tiyi m'fulasiki atazizira kale.
Thanga la nambala 417 ndi la Anahera,
mwana wanga, wa zaka khumi ndi zitatu,
wopepuka kuposa thumba la simenti,
amene mpaka lero amagona nyali ikuyaka.

Huta inalira, mphepo n'kuimeza.
Tinangoona mbendera ikutsika
matanga onse n'kupendekera mbali imodzi
ngati anthu akumvetsera nkhani ya kunong'ona.

Nyanja inali itachita imvi.
Funde likanyamula kabwato, mwana ali kumwamba, mbee,
likatsika, wasowa,
watsala mlongoti wokha ukulemba m'mitambo.
Anahera zala za kumapazi atakola palamba,
thupi lonse kunja, msana ukupsopsona thovu,
dzanja ili chiwongolero, ilo chingwe,
pena chingwe kumano
pamene akukapa madzi ndi chigubu chodula cha mkaka.

Tavita anagubuduka pokhotera poyamba.
Fergus mlongoti unathyoka, thyo,
ndinamuvuula akulira, osati ndi mantha,
koma poti mlongotiwo unali wobwereka.

Pa mgolo wachikasu wachitatu
mphepo inabwera yakuda, ikuthamanga pamwamba pa madzi.
Ndinaiona. Iyenso anaiona.
Mphuno ya kabwato inaloza pansi,
kumbuyo kunadzuka,
khuvuu!

Ndinawerenga.
Modzi. Wiri. Tatu.
Mimba yoyera ya bwato, chipsepse chitaloza kumwamba.
Nayi. Sanu.
Mulungu, chipewa chokha.
Kenako mutu, tsitsi lili kumaso, pakamwa pakulavula mchere.

Injini sindikumbuka kuti ndinaikoka liti.
Ndinangopezeka ndafika, dzanja ndatambasula,
dzanja lomwe lija linamugwira tsiku loyamba kuyenda,
linamuwolotsa misewu, linamuzula dzino logwedera.

Lamulo lake n'losapita m'mbali:
wakhudzidwa ndi wopulumutsa, mpikisano wathera pompo.

Milomo yake inali yabuluu.
Anayang'ana dzanjalo ngati njoka.
"Musandikhudze, Ababa!"

Wayilesi ikukhosomola pachifuwa,
Mayi Halloran akufunsa ngati 417 akutuluka.
Sindinayankhe.
Ndinabweza dzanja,
n'kulikhalira, kuti lingandipandukire.

Anakwera pamimba pa bwato, anaterereka.
Anakweranso, funde linamusesa.
Kachitatu anagwira chipsepse ndi manja onse
n'kudzipachika, kathupi konse, ngati chovala pachingwe.
Nyanja inakana, inakana,
kenako pang'onopang'ono
thanga linatuluka m'madzi likuchucha,
lolemera ngati munthu wodzuka pamphasa ya matenda.

Analowa chamimba. Anakapa, anakapa.
Sanandicheukire.

Amene anamaliza anali khumi ndi anayi.
Iye anali wachikhumi ndi chimodzi.
Palibe chikho cha nambala imeneyo.

Pagombe zikhatho zili zosupuka,
mano akugundana mpaka mawu kuduka,
anapempha tchipisi cha viniga wambiri
n'kundiuza kuti ndinayandikira kwambiri,
mafunde a injini yanga anamusokoneza.
Ndinapepesa.

M'galimoto anagona tisanafike pa maloboti oyamba,
mchere utauma m'nsidze.
Dzanja langa pachiwongolero linali likunjenjemerabe.

Usiku ndikutseka chitseko cha kuchipinda kwake
mphepo ikadali kugwedeza malata,
mawu anatuluka pansi pa bulangete:
"Nyaliyo musazimitse."