Alonda a M'mimba mwa Tiyese

Pa Lizulu, ndangotembenuka kuwerenga chenji,
Tiyese waponya kale dothi la kachewere m'kamwa.
Ndapisamo chala. Wameza.

Anesi a kusikelo anandiseka:
m'matumbo mwakemo muli alonda,
ananyamuka kuchiwindi ndi m'mafupa
iye akadali m'mimba mwanga.
Sukulu sanapondeko.
Mkaka wachikasu uja, woyamba, ndiwo unawadzutsa,
tizilombo tabwino n'kuwaphunzitsa ulemu.

Malire awo ali ngati msewu wathuwu,
uku Malawi, uko Mozambiki, mpanda palibe.
Phala lidutse. Mlendo wodziwika akhale.
Wakuba yekha ndiye amamukuwira,
ndipo pong'ambika amasoka usiku
mwiniwake ali mtulo.

Ine tulo sitibwera.
Ndagunditsa khutu pamchombo pake:
mukulira ngati lole yokwera ku Dedza
itasenza kabichi.