Koyera ndi Kachikasu

Kukucha ku Chiputula.
Nkhungu yakhala pakhomo ngati mlendo wosapatsidwa mpando.
Patebulo pali kapu ya madzi ndi timapiritsi tiwiri,
koyera ndi kachikasu.
Tikuyang'anizana ngati anthu okongozana ndalama.

Ine ndine telala.
Makina anga ali pakhonde, kuseri kwa msika wa Taifa.
Kale ndinkalowetsa ulusi pasingano maso ali kwa kasitomala,
nkhani ili mkamwa.
Lero dzanja likunjenjemera ngati la nkhalamba,
ulusi ukuphonya kasanu, kasanu ndi kamodzi,
mpaka kamnyamata ka mandasi kandilowetsere,
ine n'kukagula mandasi ndilibe njala.

Mlongo wanga Temwanani akuti: imwa.
Waiwala chaka chija?
Unasoka madiresi khumi usiku umodzi, onse opanda khosi.
Unati wailesi ya m'minibasi ikutchula dzina lako,
unayenda mpaka ku Ekwendeni wopanda nsapato,
tinakakupeza pamlatho ukulalikira achule,
mapazi ali magazi okhaokha.

Sindinaiwale, Temwa.
Koma pali china chimene sindinakuuze:
usiku umenewo mitengo ya paini inkandidziwa,
mphepo yochokera ku Kaning'ina inkandipatsa moni,
ndinali munthu wofunika kwambiri
mumzinda uno womwe lero umandilambalala ngati chithaphwi.
Timapiritsi tako tinathamangitsa mawu aja, zoona,
koma tinatseka chitseko nyimbo zanga zili panja.
Pamaliro a amalume sindinalire.
Ndinakumba m'chifuwa, ndinapeza thonje.

Abusa a ku Zolozolo akuti: taya m'chimbudzi,
chikhulupiriro sichimezedwa ndi madzi.
Ndinataya mwezi wa Juni.
Sabata ziwiri ndinali mbalame.
Yachitatu ndinang'amba suti ya mkwati
chifukwa inkandinong'oneza zamwano,
ndipo abusa sanabwere kudzalipira.

Kuchipatala, a Nyasulu, nesi wa magalasi omanga ndi waya,
samandikalipira.
Amafunsa: tulo? malovu? thupi likulemera?
Ndimati zonse.
Lamba ndaboola kawiri,
pilo amadzuka wonyowa,
masana ndimawodzera pamakina, phazi lili pachopondera.
Iwo amalemba, amachepetsa theka, amati tionane pa fifitini.
Tsiku lina ndinawafunsa: kodi ine weniweni ndi uti,
wa pamlatho uja kapena wofatsa uyu?
Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali,
anati: onsewo ndimawalembera pakhadi limodzi.

A kabaza a pa Katoto amanditchabe wamisala.
Ndikamwa, akuti wafooka ngati nkhuku yachitopa.
Ndikaleka, amatsekera ana m'nyumba.
Kulibe mbali yomwe amaombera m'manja.

Ndiye m'mawa uliwonse bwalo limakhala pano,
woweruza ine, wozengedwa ine,
mboni ndi kapu iyi.
Mlandu suthera tsiku limodzi, umangoimitsidwa.

Lero pali yunifolomu ya Suzgo, mwana wa Temwanani.
Sukulu akutsegulira Lolemba.
Dzulo anabwera kudzayezetsa,
anatambasula manja osaopa,
ine tepi pakhosi pake, sizasi m'thumba mwanga,
amayi ake ali panja kucheza, osasuzumira n'komwe.
Chaka chija sakanamusiya ndi ine.

Ndatola koyera. Kowawa.
Kachikasu kakakamira pammero, ndawonjezera madzi.
Sindikunena kuti ndagonja,
sindikunena kuti ndachira.
Mawa tidzakangananso.

Panja mvula yamawawa yayamba,
ya kuno, yosadziwa kalendala.
Ndavala jekete, ndakhoma chitseko.
Kamnyamata ka mandasi kandipeza pakhonde,
singano m'dzanja,
ndikuyesa ndekha kachitatu.