Ndine Anthu Atatu ku Toledo

Basi ya faifi koloko sidikira munthu mu Januwale.
Ndimafika kuntchito mapazi atachita dzanzi,
ndisambitse okalamba khumi ndi awiri,
ndibwerere pasiteji pomwepo kunja kuli bii.
N'chifukwa chake Loweruka ndinalowa pamalo ogulitsira magalimoto
n'kuloza Corolla yotuwa
ya chipsera pachitseko chakumbuyo.

Dzulo lake ndinali nditadziyeza pafoni.
Bungwe loyamba linati 702.
Lachiwiri linati 688.
Ndinagona tulo tofa nato.

Wendell Kowalczyk anandipatsa khofi m'kapu yapepala,
analowa m'kaofesi kake akuimba mluzu,
potuluka mluzu unali utatha.
"Mayi Pruitt, banki yathu imafunsa kwa achitatu aja.
Kumeneko ndinu 611."

Ine yemweyu?
Odessa mmodzi, msana umodzi, malipiro amodzi,
lendi ya pa Lagrange sindinaphonyepo mwezi.
Koma alembi ndi atatu, aliyense ndi kaundula wake,
ndipo wachitatuyo akusungabe ngongole ya ambulansi
ya usiku uja Terrence anabanika ndi mphumu,
milomo itayamba kuda.
Ndinalipira. Pang'onopang'ono, koma ndinamaliza.
Lisiti lili m'katoni ya nsapato pansi pa bedi.
Awiri anamva.
Wachitatu anatseka makutu.

Amati mlandu suwola.
Sanandiuze kuti ngakhale wotha kale
umatha kudzuka n'kukhala pampando wa dalaivala.

Wendell anatembenuza pepala kuti ndione.
Odessa wa 702 akanalipira chiwongoladzanja cha eyiti pa handiredi.
Odessa wa 611, sikisitini.
Galimoto yomweyo, chipsera chomwecho,
koma madola pafupifupi sikisite owonjezera mwezi ndi mwezi
mpaka Terrence adzamere ndevu.
Sikisite ndi mankhwala opopera m'kamwa.
Sikisite ndi magetsi.

"Sainani lero, mudzakonza m'tsogolo," anatero,
cholembera chili kale m'manja mwanga.
Si munthu woipa. Ali ndi chithunzi cha adzukulu patebulo.
Ndinachiika pansi bwinobwino,
khofi osamaliza.

Lolemba ndinajambulitsa lisiti ku laibulale,
ndinalemba kalata yodandaula, mawu aulemu okhaokha
ngakhale m'mimba munkawira.
Anayankha: dikirani masiku sate, tikufufuza.
Mnzanga Bernadine akuti ndikayese ku bungwe la antchito losunga ndalama,
kumene amafunsa kwa oyamba aja.
Amatseka ine ndisanaweruke.

Ndiye ndimawerenga masiku pazenera la basi.
Imadutsa pamenepo sikisi isanakwane,
ndimapukuta nthunzi ndi mkono wa jekete
kuti ndione Corolla itavala chipewa cha chipale.
Tsiku lachisanu, ilipo.
Lakhumi ndi chiwiri, ilipo.

Lero ndi lakhumi ndi chisanu ndi chinayi.
Pamalo pake pali phula lakuda, louma,
lofanana msinkhu ndi galimoto.

Mwina angoisuntha.