Chitini cha Mabisiketi

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndalama za Mulungu zagona pansi pa bedi langa,
m'chitini cha mabisiketi chosuluka utoto
momwe malemu mkazi wanga ankasungira singano.
Lero andiuza kuti ndibwere nacho kutchalitchi.

Takhala pa timabenchi ta Sande sukulu, mawondo kugunda chibwano.
Malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala,
magetsi anathawa m'mawa, fani ya abusa yangoti duu.
Elube Kalonjere, amene anandinyowetsera jekete
tsiku la ubatizo wake,
waima kutsogolo ndi masamba khumi ndi anayi.
Udindo ukhale wa zaka zitatu, akutero.
Chopereka chizigona kubanki.
Cheke chizisayinidwa ndi awiri osakhala pachibale,
ndipo amayi akhale ndi mpando m'bwalo, mkeka wakwana.
Apa Mayi Nasibeko akhosomola
ngati munthu amene basi yake yatulukira atataya kale mtima.

Pabolodi choko chalemba zaka zisanu zikubwerazi:
denga, nthambi ya ku Chowe,
anyamata a kabaza amene Lamulungu
amapalasa odzapemphera kufika pageti n'kubwerera.
Ndaomba m'manja. Zoona, ndaomba.
Mutu umodzi susenza denga,
wangawu dazi linaudya poyesera.

Kenaka watsegula kaundula wanga wakuda,
chala chikutsika ngati nyerere pakhoma,
n'kuima pa chaka cha njala ija.
"Agogo, apa pakusowa makwacha mazana asanu ndi atatu.
Risiti palibe."

Zii.
Kutsidya kwa msewu wa ku Namwera
mzikiti wayamba kuitana anthu ake.

Ndiyambire pati, mwanawe?
Che Amidu, telala wa pakhonde la golosale,
amene anasoka mayunifomu a kwaya yathu pangongole,
anagogoda kwanga tambala asanalire.
Shakira wake anali atapita, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
ndipo kwawo maliro sagonetsa.
Telala, koma m'nyumba mopanda nsalu ya sanda.
Abusa anali kumsonkhano, masiku atatu.
Komiti ikanakumana Loweruka.
Ndinagwada, n'kukoka chitini.
Kumanda sapereka risiti.

Akulu ampingo aweramitsa mitu, wina wati amen,
ndipo ndikanathera pomwepo, n'kutuluka woyera ngati sandayo.

Koma lilime lakana kukhala pansi.
Tsegula tsamba lotsatira, ndatero,
pamenepo sipakusowa kanthu, koma panasowapo.
Tayala la njinga yanga.
Ndinabweza patapita miyezi isanu ndi iwiri,
ndipo palibe anadziwa,
ndipo palibe akanadziwa ndikanapanda kubweza.
Komanso zinkanditsekemera, ndisaname,
kuona tcheyamani wa kwaya akupotokola chipewa pakhomo panga
kupempha ya thiransipoti ngati akupempha mbeta.
Dzanja limene linagula sanda
ndi lomwelo linagula tayala.
Lipatseni linzake loliyang'anira.

Elube sanandiyankhe.
Watembenukira kubolodi, choko chikunjenjemera pang'ono,
pansi pa denga ndi Chowe wawonjezera mzere:
thumba la zogwa usiku.
"La mpingo wokha?" afunsa Bambo Chikwanje.
"La wogogoda," atero Mayi Nasibeko,
ali kale pampando, asanauvotere.
Mkangano wa ndani azidzutsidwa kudzasayina
watidyera ola lathunthu, ndipo sunathe.
Auika pa ajenda ya mwezi wamawa.

Awerenga ndalama anthu atatu, mokweza, kawiri.
Zakwana.
Makiyi a kabati ndapereka, kaundula ndapereka,
chitini andibwezera, ati kubanki sachifuna.

Ndikudutsa pagolosale, makina a Che Amidu akulira,
maso ake anafooka, ulusi amamulowetsera mdzukulu.
Wandikwezera dzanja osadziwa kuti lero anali m'maminitsi.
Chitini chapepuka m'khwapa mwanga,
koma ndikaponda, muli kanthu kakuti tswee, tswee.
Ndaima pamthunzi wa mtondo, ndatsegula.
Singano imodzi, yadzimbiri,
imene sinalembedwe m'buku lililonse.